Mfumu Khanda ndi Amayi Aang'ono

Inu adzukulu anga, sendezani mipando kuno, ngakhale ndikudziwa kuti simunabadwe. Amene adzakhale bambo anu pakali pano amavala nsapato mosemphanitsa, yakumanja kumanzere, ndipo akamwa thobwa amatsala ndi ndevu zoyera pamlomo. Ine agogo anu imvi ndilibe, mano onse alipo, zaka makumi atatu sindinakwanitse. Mnzanga amene timagona chipinda chimodzi kuno ku Doha, Mevisi, atandipeza ndikulemba izi anasuzumira papepala n'kuseka mpaka kutsamira khoma.

"Adzukulu? Iwe Elube, mwana wako ndi sitandade wani yomwe sanayambe. Dzuwa la kuno lakuphika mutu eti?"

"Ndisiye. Ndikuopa kuiwala."

"Kuiwala kapena kuiwalidwa?"

Mevisi akaponya mawu amagwera pachilonda penipeni.

Mundidziwiretu: ine ndine wamantha. Mwana akatsokomola kamodzi pa foni, ine m'mutu ndafika naye kale kuchipatala. Ndikamva kuti kumudzi kwagwa mvula yamphamvu ndimaona khoma likugwera pamphasa yake. Mukadzandipeza ndili nkhalamba yokufunsani katatu ngati mwavala juzi, musadzati ndi ukalamba. Ndinali choncho kuyambira kale.

Timakhala ku Al Doha Al Jadeeda, m'chipinda cha pamwamba pa timashopu. Ntchito ndimagwira ku hotela ina ku Msheireb, kochapira zovala. Ndili ndi satifiketi ya uphunzitsi, inde, koma ntchito inachedwa kutuluka pamene mwana anali kukula, ndiye m'malo mwa choko ndinagwira nsalu za pabedi. Kuli chimakina chachitali chimene chimameza nsalu yonyowa mbali iyi n'kuilavula mbali inayo ili youma, yosalala ngati pepala. Ife timangoima awiri kugwira m'makona, kapitawo akukuwa kumbuyo kuti "yala, yala," kutanthauza kuti fulumirani. Kusita kwa kuno n'komweko. Kulibe fungo, kulibe phulusa, ndipo kulibe nkhani.

Inu simbi ya makala mudzaidziwa? Ndikukayika. Mwina m'masiku anu zovala zizidzadzisita zokha muli mtulo. Yathu kwa Mitundu inali yachitsulo chakuda, yolemera ngati mwana, ya mano m'mbali mopitira mpweya, ndipo pamwamba pake panali katambala kachitsulo kotsekera. Umathiramo makala amoto, n'kuigwira ndi dzanja limodzi, kuikupiza uku ndi uku mpaka makala afiire. Ukatero umayamba wayesa pa tsamba la nthochi kuti mwaye utsale pomwepo. Ukaiwala kuuzira phulusa, kakala kamodzi kankadumphira pa shati n'kusiya kabowo kozungulira, ndipo kabowoko kankakhala mbiri yako mpaka shatiyo itang'ambika. Chilichonse choyanikidwa panja chinkasitidwa, ngakhale matewera, kuopa mphutsi. Makala otsala sankatayidwa. Tinkakwiriramo mbatata, ndipo mbatata ya m'makala a simbi, ana inu, sindinaipezenso kwina kulikonse. Za m'masitolo a kuno n'zazikulu ngati mutu wa munthu koma ukaluma ndi madzi okhaokha.

Amayi anga anatisiya ine ndisanadziwe kanthu. Anandilera ndi akulu anga a Dorofe, amene anasiya sukulu chifukwa cha ine. Abambo, a Filimoni, anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo mashati awo a mlungu wonse ankasitidwa Lamlungu masana tikabwera kutchalitchi. Nditakula pang'ono a Dorofe anandisiyira ntchitoyo mokondwa kwambiri. Ndinkayala bulangete pa tebulo la pakhonde, abambo n'kukhala pampando wawo wa ndalema kundilondera kuti ndisaotche kolala. Kuti ndisathawire kumasewera, ankandilipira ndi nkhani. Nkhani yake inali imodzi yomweyo, chaka ndi chaka, yodulidwa m'zidutswa: shati imodzi, chidutswa chimodzi.

Inali nkhani ya mfumu ina ya ku Mangalande ya kalekale, imene anaiphunzira kwa azungu a mishoni ali mnyamata. Dzina lake lili m'mabuku, mukalifuna mudzalipeza. Mafumu a kumeneko ankangobwereza mayina omwewo n'kumaikapo manambala ngati mabasi. Abambo ankangoti Mfumu Khanda.

"Bambo ake anali chimuna cha nkhondo," ankayamba choncho. "Anagonjetsa Afalansa, n'kukwatira mwana wa mfumu yawo. Koma mimba siopa lupanga, Elube. Anadwala kunkhondo komweko n'kumwalira, mwana wake asanamuone ndi maso. Khanda lisanakwanitse chaka linali kale mfumu. Posakhalitsa agogo ake a ku Falansa nawonso anatsamira mkono, khanda lija n'kukhala mfumu ya mayiko awiri lili m'matewera. Sita bwino phewalo."

Ine ndinkafunsa mafunso a mwana. Ankalamula bwanji osayankhula? Abambo ankati akuluakulu a dziko akasonkhana, mayi ake ankabwera nalo n'kukhala nalo pamiyendo, nduna za ndevu n'kumagwadira munthu wongodziwa bere. Chimene chinkawasangalatsa kwambiri, pokhala mphunzitsi, chinali choti mlezi wa mwanayo anapatsidwa chilolezo cholembedwa m'dzina la mfumu yomweyo, chakuti akhoza kuilanga ikapulupudza. Apa ankaseka mpaka kutsokomola.

"Tangoganiza. Mwana kuloleza yekha kuti azikwapulidwa. Akanakhala ana anga a sitandade faifi, chilolezocho chikanagwera m'chimbudzi."

Koma pamene ankatenthera zenizeni panali pa nkhani ya achibale. Ankati Chingerezi ndi chilankhulo chaumphawi, mawu amodzi omwewo kutchulira mchimwene wa bambo ndi mlongo wa mayi, ngati kuti ndi anthu ofanana. Iwo anakhala pansi n'kuwasiyanitsa. Amene ankayendetsa dziko m'malo mwa mwanayo, n'kumakanganirana mpando, anali abambo ake aang'ono. Koma amene ankalimbana naye kulanda dziko la Falansa anali mlongo wa mayi ake.

"Atsibweni ake enieni, Elube. Nkhondo ya zaka zonsezo, anthu kutha psiti, inali ya mwana ndi atsibweni ake. Akanabwera kuno tikanawaweruza tisanadye nkhomaliro. Ufumu ndi wa atsibweni, akafa alowa mwana wa mlongo wawo. Mwanayo akanangodikira. Koma azungu kudikira sadziwa."

A Dorofe akamadutsa ndi ndowa ankaponyako mawu. "Ababa, mwanayo akuotcha thumba la shati inu muli ku Falansa."

Zidutswa zina ndinkazikonda, zina ayi. Ndinkakonda tsiku lomuveka chisoti chaufumu ali msinkhu wa sitandade thuu, chisoticho n'kumulemera mpaka mabishopu kumuthandiza kuchinyamula. Ndinkamumvera chisoni atakula, chifukwa sanatengere bambo ake. Anali munthu wofatsa, wokonda mapemphero ndi mabuku, wovala zosadzionetsera, wokhululukira ngakhale oyenera chilango, wopatsa mpaka nkhokwe kuuma. Anamanga sukulu ziwiri zikuluzikulu zimene zilipobe mpaka lero, ndipo pa chifukwa chimenechi abambo sankalola kuti munthu amutche wolephera. Koma dziko la Falansa linamupulumuka m'manja chidutswa ndi chidutswa, kwawo nduna zake n'kuyamba kuphana pachibale.

Mathero ake abambo sankawakonda. Ankawafotokoza mothamanga, pa shati yomaliza makala atayamba kuzilala. Anamulanda ufumu, anakhala wothawathawa, anamugwira n'kumutsekera. Kenako ena anamutulutsa n'kumubwezera pampando kwa miyezi yowerengeka, ngati chidole. Tsiku lina anamuyendetsa m'misewu ya mzinda waukulu kuti anthu amuone alimbe mtima, koma anali atavala mkanjo wakale wabuluu, ngati munthu wopanda chosinthira, anthu n'kungomumvera chisoni. Mwana wake mmodzi yekhayo anaphedwa kunkhondo, iye n'kufera m'ndende pasanapite nthawi.

"Mfumu ya mayiko awiri," ankatero abambo, akuyang'ana shati yawo pa hang'ala, "yosowa ndi womusitira yemwe."

Pakati pa nkhaniyi panali chidutswa china chimene ndinkachiona chotopetsa, chifukwa munalibe nkhondo. Ndichisunge kaye, ndichitulutsa posachedwa.

Abambo anamwalira chaka chimene ndinamaliza sukulu ya uphunzitsi. Simbi ija ilipo, a Dorofe amatsekera chitseko cha khitchini kuti chisamenyeke ndi mphepo. Mwana wanga atabadwa ndinamutcha Filimoni. Za agogo anu aamuna musandifunse zambiri: anapita ku Joni ine ndili ndi pakati, ndipo msewu wa ku Joni uli ndi anthu ena amene umawameza. Fili atangosiya kuyamwa, mawu ake ali owerengeka, mwayi wa ku Doha unapezeka. Ndinamusiya m'manja mwa a Dorofe, manja omwe anandilera ine. Ndinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe maso ali kumbuyo, ndipo ndege nditaikwera koyamba sindinaope n'komwe, ine wamantha uja, chifukwa mantha onse anali atatsala kwa Mitundu. Chitenje chimene ndinkamuberekera ndinachitenga. A Dorofe anati ndichisiye kuti mwana azimva fungo langa, ine ndinakana, ndinati fungo lake ndikulifuna ndine.

Lachisanu ndiye tsiku langa lopuma, ndipo ndi tsiku la foni. Ndimakhala pa makwerero, pamene netiweki imagwira bwino, kunja dzuwa likusita mzinda wonse. Miyezi yoyamba Fili ankanyambita foni. Kenako anayamba kuithawa. Kenako anazolowera, n'kumandionetsa zinthu: chitini, mwanapiye, bondo lonyuka. Ine ndinkati zonse zili bwino.

Lachisanu lina, atakwanitsa zaka zinayi, anayankha foni yekha. Tinacheza pang'ono, kenako ndinati andipatsire a Dorofe. Anatembenuka n'kuitana.

"Amayi! Amayi aang'ono akukufunani."

Ana inu, kwathu m'bale wa mayi ako wamkazi ndi mayi ako. Wamkulu ndi amayi aakulu, wamng'ono ndi amayi aang'ono. Ndi mwambo wabwino, abambo ankaunyadira, ine ndemwe ndinkaunyadira. Sindinkadziwa kuti tsiku lina udzanditembenukira.

"Achemwali, mwamuphunzitsa ndinu zimenezi?"

"Ziti?"

"Mwamva."

A Dorofe anapukuta manja pa chitenje, foni ikugwedezeka. "Elube, mwanayu ndi wochenjera ngati mwini dzina. Ankanditcha amayi aakulu, zaakuluzo zinagwa zokha panjira. Tsiku lina anandifunsa kuti wamkulu ndani, ine kapena iwe. Ndikananama?"

"Mumuuze kuti ndinamubereka ndine."

"Ndamuuza kangapo konse."

"Ndiye amati chiyani?"

"Dzimvere wekha. Fili, bwera kuno. Anakubereka ndani?"

Nkhope yake inadzaza foni yonse, mphuno yokhayokha. Anaganiza kaye, chifukwa bambo anu sayankha mothamanga.

"Amayi," anatero, akuloza a Dorofe. "Amandibereka popita kuchigayo."

Mwaona chilankhulo chathu cholemeracho? Mawu amodzi omwewo, kubala mwana ndi kumunyamula kumsana. Abambo akanakhalapo ndikanawafunsa kuti waumphawi ndani tsopano. Ndinayankhula mawu oipa kwa a Dorofe tsiku limenelo. Ndinati akufuna kundilanda mwana. Iwo sanakweze mawu. Anangoti, "Iwenso unkanditcha amayi mpaka sitandade thuu, palibe anandiimba mlandu," foni n'kuduka, kaya anadula ndi iwo kaya ndi netiweki, sindinafunse.

Mevisi anandipeza pa makwerero pomwepo. Iye ali ndi ana atatu ku Balaka ndipo kuno wakhalitsa.

"Ndiye ukulira chiyani? Bola iwe muli mawu oti amayi. Wanga wotsiriza amanditcha Mami wa Katundu. Ndikaimba amangofunsa kuti sutikesi ibwera liti."

"Sizoseketsa, Mevisi."

"Ndani wati n'zoseketsa? Ndimaseka kuti ndikagwire shifiti. Khalasi, monga anenera eni dziko, basi zatha. Dzuka, tiye tikagule buledi."

Masabata otsatira ndinasanduka mphunzitsi uja wa pa satifiketi. Ndinkatumiza mauthenga a mawu: Fili, nena kuti amayi. Fili, ine ndine amayi ako enieni, a Dorofe ndi amayi aakulu, bwereza. Lachisanu lililonse linali mayeso. Mwana anayambanso kuthawa foni. Akaigwira ankangoyang'ana kamodzi n'kuzyolika, chala chili m'kamwa. Tchuthi changa choyamba chinali chikuyandikira, ndipo m'malo mosangalala ndinkadwala nacho. Ndinkadzifunsa mu sitima ya pansi pa nthaka, popita ndi pobwera: ndikakafika, akakandithawa pamaso pa mudzi wonse, ndikatani?

Tsiku lina kuntchito, ndikulowetsa nsalu m'chimakina chija, kuzyolika kwa Fili kunandikumbutsa chidutswa chotopetsa chija. Nachi tsopano.

Mfumu Khanda itakula, itakwatira, inadwala matenda osadziwika. Inangokhala chete. Siyankhula, siyenda yokha, sizindikira munthu. Inakhala choncho kupitirira chaka. Mkati mwa matendawo mkazi wake anabereka mwana wamwamuna, woyamba, amene anamudikira zaka zambiri. Anabwera naye kwa mfumu kuti imudalitse. Mfumu inamuyang'ana kamodzi n'kuzyolika. Anachoka naye. Ndiye nyengo ya Khirisimasi ina inatsitsimuka ngati munthu wodzuka kutulo. Anabweretsanso mwana uja, tsopano ali wamkulupo. Ndipo chinthu choyamba chimene mfumu inachita chinali kufunsa dzina la mwanayo. Atayiuza, inakweza manja kuthokoza Mulungu.

Apa abambo ankaima, ine n'kumafuna kuti afulumire tifike pa nkhondo.

"Wamva, Elube? Inafunsa. Mfumu yathunthu, mwana wake yemwe, koma sinanamizire kuti ikumudziwa. Sinati bwera kuno ndine bambo ako. Inadziwa kuti amene anachokapo ndi iyo."

Nsalu inapindika m'chimakina, kapitawo anakuwa, ine osamva. Masabata onsewo ndinkayesa kuti wozyolika, wosazindikira mnzake, ndi Fili. Koma Fili sanapite kulikonse. Anali kwa Mitundu tsiku lililonse, akumera mano, akugwa, akudzuka. Amene anagona zaka ziwiri ndi kanthu m'nyumba yozizira yopanda mawindo ndine. Ndinadzifunsa kuti amakonda ndiwo zanji, amaopa chiyani, mnzake wapamtima ndani. Sindinkadziwa. Ndinkadziwa kutalika kwa phazi lake, chifukwa nsapato ndinkagula ndine.

Mayeso a Lachisanu ndinawasiya. A Dorofe ndinawapepesa, iwo n'kungoti, "Ubwere ndi mafuta odzola aja, kuno kwayamba kuzizira."

Ndinanyamuka ku Doha mpweya ukuotcha ngati pakamwa pa uvuni, n'kukafika kwathu mu Juni, anthu atakolola, mphepo ikuluma makutu. Fungo la utsi wa mapesi linandipeza ndisanatsike minibasi. Chitenje chija ndinali nditachichapa ndi kuchisita bwinobwino, chili pamwamba mu sutikesi. Pabwalo panali anthu, monga mudziwa mmene zimakhalira munthu akachokera kunja. Fili anali kuseri kwa a Dorofe, atagwira chitenje chawo, diso limodzi lokha likuoneka. Anali wamtali kuposa wa mu foni. Manja anga ankafuna kumutsomphola. Amayi ena oyandikana nafe anayamba kumukankha.

"Pita, iwe, amako awo. Ukuchita manyazi ndi amako?"

"Musiyeni," ndinatero.

Ndinagwada pafumbi, ndi siketi yanga ya pa ndege, patali pang'ono.

"Moni, bambo. Ine ndine mlendo pano. Dzina lanu ndani?"

Anthu anaseka. Iye sanaseke. Anatulutsa diso lachiwiri, n'kundiyeza kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Kabaza."

"Ndani?"

"Kabaza."

"Nanga Filimoni ndani?"

"Ameneyo ndi wa ku sikelo."

Ndinayang'ana a Dorofe. Anali akuluma mlomo.

"Mudzi wonse umamutcha choncho," anatero. "Amakwera mpini wa khasu n'kumanyamula anzake kupita nawo kumsika wa kuseri kwa khola. Amalipiritsa masamba a mango."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndikuuze iwe? Ukanagona? Ukanati tikumulosera zopalasa njinga moyo wake wonse."

Sananame. Ndikanaterodi. Ndinakumbukira mfumu ija, koma manja sindinakweze, ndinaopa kuti anthu anena kuti ku Arabu kwandisokoneza. Ndinangothokoza chamumtima. Inde, adzukulu anga, bambo anu amene mwina lero ndi bwana wa kamimba, wovala tayi, wokuuzani kuti musasewere pafumbi, anali Kabaza. Mukawafunse. Akakana mubwere kwa ine.

Masiku otsatira ndinakhala wofunsa. Ndinaphunzira kuti therere sadya, kuti amaopa tambala wofiira koma galu ayi, kuti chipsera cha pachibwano anagwa pa mpini womwewo pokhota mothamanga. Ndinalipira masamba a mango ambirimbiri kukwera mpini wa khasu mpaka kuseri kwa khola. Nsapato zimene ndinabweretsa anazilandira ndi manja awiri n'kukazipereka kwa a Dorofe kuti amusungire. Usiku ankagona kwa a Dorofe. Akagwa ankathamangira kwa a Dorofe. Ine ndinali amayi aang'ono, kasitomala wabwino. Zinkawawa, ndisakunamizeni. Ndinkapita kuseri kwa bafa kukapuma mpweya n'kubwerako ndikumwetulira. Tchuthi chinkatha ngati sopo, ndipo anali asanandikhudze n'kamodzi komwe mwa kufuna kwake.

Kutatsala masiku ochepa tinapita kuchigayo, atatu. Pobwerera a Dorofe anasenza ufa, anakana kuti ndisenze ine, ati khosi langa lazolowera ma-lift. Dzuwa linali litapendeka, njira ndi yokwera. Kabaza anali atathamanga ulendo wonse wopita, ndipo mafuta anamuthera pa mtengo wa mkuyu. Anakhala pansi.

"Amayi, mundibereke."

"Sukuona ndasenza? Wakula iwe, yenda."

"Miyendo yaphwa."

"Ipope."

A Dorofe anapitirira osatembenuka. Ine ndinaima chapatali, manja ndawapinda kuti asachite zawozawo. Mwana anayang'ana msana wa a Dorofe ukupita, anayang'ana phiri, kenako anayang'ana ine. Anandiyeza monga tsiku loyamba lija.

"Amayi aang'ono."

"Ee, bambo."

"Inu mumatha kubereka?"

A Dorofe anaima. Sanatembenuke, chifukwa munthu wosenza satembenuka msanga, koma ndinaona pa mapewa awo kuti amva.

"Ndinayesapo kamodzi," ndinatero.

"Simundigwetsa?"

"Sindinakugwetsepo."

Chitenje changa chosita bwino chija chinali mu sutikesi kunyumba. A Dorofe anagwira thumba la ufa ndi dzanja limodzi, linalo n'kumasula chitenje chawo cha m'chiuno, chotuwa ndi gaga, chonunkha utsi, n'kundiponyera. Ndinawerama. Anakwera ngati akukwera mpini wake. Anali wolemera, ana inu, miyendo ikundimenya m'mawondo, zigongono zikundibaya. Mfundo yoyamba inandipulumuka, manja anali ataiwala, a Dorofe n'kunena kuti, "Pansi pa mkhwapa, iwe, ngati mmene ndinkakumangira." Ndinamanga. Tinayamba kukwera. Anandigwira makutu ngati mahandulo, akuliza belu ndi pakamwa kuti nkhuku zipatuke. Tisanafike pa mjigo belu linasiya. Mutu unagwera pakhosi panga, malovu ofunda n'kumatsikira mu bulauzi. A Dorofe anati tidutse njira yachidule ya m'munda. Ine ndinati ayi, tizungulire ya kutchalitchi.

Ndabwerera ku Doha, ku chimakina changa chopanda nkhani. Kontirakiti ikadalipo, ndipo mantha anga sanathe. Dzulo lomweli ndamva kuti Kabaza ali ndi chimfine ndipo ndafunsa a Dorofe kanayi ngati thupi latentha. Pa foni amanditchabe amayi aang'ono. Sindimukonza. Lachisanu lapitali anandifunsa ngati msana wanga ukadalipo, ndinati ulipo, ati ndiusunge.

Chitenje chosita chija ndinachisiya kwa Mitundu. Ndinabwera ndi cha a Dorofe, ndipo Mevisi akuti chikununkhitsa chipinda, ndichichape. Achape chake.

Tsono inu, tsiku limene adzabwere nanu kudzandiona, kaya ndidzakhala kwa Mitundu kaya kuti, mwina mudzabisala kuseri kwa amayi anu, diso limodzi lokha kunja. Musadzaope, sindidzakutsompholani. Mwina bambo anu adzakuuzani kuti agogo ndi a Dorofe, awa ndi agogo aang'ono. Ndidzavomera. Ndidzagwada, mawondo akadzalola, n'kukufunsani mayina anu. Osati a ku sikelo. Enieniwo.